Magiya a Shimano 11-34 andifikitsa pamwamba pa Northcliff osatsika panjinga

Lamlungu lapitali ndinafika pa thanki ya madzi ya pa phiri la Northcliff ku Joni phazi lisanagunde pansi ngakhale kamodzi. Chitunda chimenechi ndakhala ndikulimbana nacho kuyambira nyengo yozizira, ndipo ulendo uliwonse ndinkatsika pakati, n'kuyamba kukankha njinga, nsapato zikulira kwakwata pa tala.

Kwathu ndi ku Salima. Ndinapalasa kabaza zaka zitatu, kuchoka pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay, nthawi zina nditanyamula mayi ndi thumba la chimanga, choncho miyendo yanga ndimaidziwa. Koma kwathu n'kuchigwa, kunyanja. Kuno ku Joni pakati pa mzinda pali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo Northcliff imapitirira pang'ono 1,800. Mpweya umachepa m'chifuwa, zitunda zake n'zazifupi koma zoimirira.

Njingayi ndi ya mpikisano, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndinaigula kwa abwana omwe ndimawasamalira maluwa ku Parkview. Bondo lakumanzere litayamba kupweteka ndinapita nayo ku kashopu kena ka njinga ku Randburg, komwe kumagwira ntchito mkulu wina wa ku Mangochi. Anaiimika pa chitsulo, anazunguza tayala lakumbuyo, kenako analoza giya yaikulu ndi chala chodetsedwa ndi girisi.

"Achimwene, werengani mano awa."

Ndinawerenga. Anali 28.

"Ndiye miyendo yanu ilibe mlandu. Imeneyi ndi ya anyamata opepuka. Inu mukufunika ya 34."

Chomwe anandiikira ndi cassette ya Shimano CS-HG700, mulu wa magiya 11 akumbuyo, yaing'ono ya mano 11, yaikulu ya mano 34. Kutsogolo ndili ndi magiya awiri, ya mano 50 ndi ya mano 34. Ndiye tcheni chikakhala pa 34 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, phazi likazungulira kamodzi tayala nalo limazungulira kamodzi. Liwiro limachepa, inde, koma umapalasa uli chikhalire pachishalo, mpweya ukulowa bwino.

Amene mukufuna kugula, mverani apa, chifukwa ndi pomwe ndalama imaonjezereka. Derailleur, kachitsulo kosuntha tcheni kumbuyo kaja, yanga inali ya mtundu wa Shimano 105 yaifupi, yomwe imalekera pa mano 30. Ya 34 imafuna yaitali, yolembedwa GS. Tcheni nacho chinafunika chatsopano chachitaliko. Palinso kamphete kachitsulo ka 1.85 mm komwe kamayamba kulowa pa wilo cassette isanalowe. Mkulu uja anandigwiritsa kamphetekako m'manja kuti ndikaone, akuti ambiri odzimangira okha amakaiwala, magiya n'kumagwedera. Zonse pamodzi ndinasonkhera miyezi iwiri, ndikutumizabe ya kunyumba. Funsani mtengo wa zinthu zitatuzo limodzi musanavomere.

Tinanyamuka pa Zoo Lake cha m'ma 5:30 m'mawa, ine ndi anzanga awiri, wina wa ku Mzimba wina wa ku Thyolo. Tinadutsa pa Emmarentia Dam nkhungu ikadali pamadzi, n'kulowa Beyers Naudé Drive mataxi asanachuluke. Chitunda chenicheni chimayamba ukangosiya msewu waukulu n'kulowa pakati pa nyumba za m'phirimo. Pali kona ina yomwe ndinkatsikira masiku onse, pafupi ndi mpanda wa miyala. Nditaiona patsogolo ndinadina chala kawiri, tcheni chinakwera mwakachetechete, 30, kenako 34. Miyendo inapepuka ngati wina wandilandira katundu pamutu. Ndinadutsa pa mpanda paja ndikumva kupuma kwanga, pang'onopang'ono, bondo lili zii.

Pamwamba tinatsamiritsa njinga pa miyala pafupi ndi thanki ija, yomwe inamangidwa mu 1939. Kale ndinkafika pano maso akuchita mdima, ndikungofuna madzi. Ulendo uno ndinaona. Kumpoto chakum'mawa nyumba zazitali za Sandton, mbali ina nsanja ya Hillbrow ndi ya Brixton, kutali uko mapiri a Magaliesberg ngati utsi. Koma pakati ponsepo ndi mitengo yokhayokha, madenga akungosuzumira apa ndi apo, ndipo popeza ndi Okutobala, jakaranda wayala mizere yofiirira motsatira misewu. Malo ano kale anali tchire la udzu. Yambiri mwa mitengoyi inadzalidwa ndi manja. Ya ku Saxonwold inayamba ngati munda wa mitengo yochirikizira migodi ya golide. Ine ndimakhalira kusesa masamba ake, kudulira nthambi zake, ndipo chaka chatha tinagwetsa umodzi womwe unafumbwa ndi kachirombo koboola mitengo kamene kavuta mumzinda muno. Kuiona yonse pamodzi kuchokera kumwamba kunandikhudza mtima. Mnzanga wa ku Thyolo anangoti, "Amwene, ngati kwathu ku tiyi," ndipo tinakhala chete kwa kanthawi.

Chimodzi chomwe muyenera kudziwa n'chakuti magiya aang'onowo ndi otalikirana: 11, 13, 15, 17. Pobwerera kudzera ku Greenside, pamsewu wathyathyathya, ndinkapeza ina yolemera pang'ono, yotsatira yopepuka kwambiri, ndipo anzanga ankandisiya pang'ono ndisanapeze yoyenera. Wothamanga mipikisano mwina zingamuvute. Koma ngati ndinu wathupi ngati ine, kapena mawondo ayamba kudandaula, ikani osakayika.

Ndapalasa nayo milungu itatu, popita kuntchito ndi Lamlungu lomwe, ndipo sinalumphepo tcheni. Ndimangoipukuta ndi kansanza Loweruka madzulo n'kudonthezera mafuta. Lamlungu likudzali tagwirizana zokayesa chitunda cha Munro Drive ku Houghton, tinyamukira pa Zoo Lake pomwepo nthawi yomweyo.