Katie Taylor: nkhonya za mendulo ndi nkhonya za ndalama

Katie Taylor wa ku Bray, m'dziko la Ireland, asanayambe kulipidwa ankamenyera dziko lake atavala chotetezera kumutu, ndime zosapitirira zinayi. Anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu motsatizana, kuyambira 2006 mpaka 2014, ndipo pa Olimpiki ya ku London mu 2012 anapata mendulo ya golide.

Mu 2016 analowa nkhonya za ndalama, komwe mutu umakhala pamtunda ndipo nkhondo ya lamba imafika ndime khumi. Anasonkhanitsa malamba onse anayi a ukatswiri wa dziko lonse m'gulu la sikelo yake mu 2019 atagonjetsa Delfine Persoon, kenako mu 2022 anaposa Amanda Serrano ku Madison Square Garden, bwalo lotchuka la ku New York.

Kwa ine gawo loyambalo ndi lolemera koposa. Pomwe ankayamba, akazi ku Ireland sankaloledwa n'komwe kupikisana, moti nkhonya yoyamba yovomerezeka ya akazi kumeneko anaimenya ndi iyeyo, mu 2001, ali ndi zaka 15.