Kukhoti kapena kukambirana: chuma cholandidwa chibwera bwanji?

Asilikali a Britain analanda zosula zamkuwa ku Benin City, mzinda wa ku Nigeria, mu 1897. Pofuna kuti zibwerere kwawo, dziko lingasume kukhoti kapena kukambirana boma ndi boma.

Mtengo: khoti limadya ndalama za maloya, zokambirana zimadya zaka.

Zotsatira: apa khoti ndi lofooka, chifukwa pangano la mayiko la UNESCO la 1970, loletsa malonda a zinthu zachikhalidwe zobedwa, silikhudza zomwe zinabedwa panganolo lisanayambe kugwira ntchito. Koma kukambirana kunachititsa Germany kusainira mu 2022 kuti zosula zoposa 1,000 ndi za Nigeria.

Kulimba: chigamulo sichisinthika wamba, pomwe lonjezo la nduna limatha kuzilala boma likasintha.

Khoti n'loyenera zinthu zobedwa posachedwa, umboni ulipo. Zambia, yomwe ikufunabe chigaza cha munthu wamakedzana chomwe chinapezeka ku Kabwe koma chikusungidwa ku London, ine ndikuti ilimbikire kukambirana, osatopa.