CENPB ili pati? FISH, maselo osakaniza, kapena kungofufuza pa foni

Aphunzitsi anzanga a biology a ku Ulongwé ndi ku Tsangano, mwandifunsa kokwanira kuti jini ya CENPB ili pati ndipo tingapeze bwanji malo ake, ndiye ndiyankhe kamodzi. Tiyambe tachotsa chisokonezo: jini yopanga puloteni ya pa centromere (pamalo pofinyika pa kromozomu, pokumana mikono yake iwiri) siyenera kukhala pa centromere pomwepo. CENPB ili kunsonga kwa mkono waufupi wa kromozomu 20, pa 20p13, koma puloteni yake imakamatirira pa alpha satellite, DNA yobwerezabwereza ya pa centromere. CENPA, jini inanso ya puloteni ya pa centromere, ili pa kromozomu 2, pa 2p23.3.

Njira yakale yopezera malo a jini ndi yosakaniza maselo a munthu ndi a mbewa. Maselowo amataya makromozomu a munthu pang'onopang'ono, inu n'kumaona kuti jini yatsalira ndi kromozomu iti. Imakulozerani mudzi, koma khomo mudzafune nokha.

FISH, njira ya mu labu yowalitsa jini pa kromozomu, ndili nayo chakukhosi. Ubwino wake sindikana: probe, kachidutswa ka DNA kowala, imakamata pa jini, mumaiona ndi maso pa maikulosikopu. Chaka chatha ndinafunsa labu ina kuti andikonzere zithunzi zoti ana a kalasi 12 aone. Mtengo anandiuza wabwino, ndinalipira. Patapita milungu akuti probe sinali m'mtengomo, njoitanitsa kunja, iyende yozizira, msonkho wake ndi wanga. Mametikali a mbatata yanga yonse akanathera pomwepo. Ndinazisiya, ndipo ndalama zoyambazo sizinabwerere. Komanso kuwalako kumapusitsa: jini inzake ya CENPC ili pa mkono wautali wa kromozomu 4, koma ili ndi chithunzithunzi chake chosagwira ntchito, pseudogene, pa kromozomu 12. Osachenjera mulemba kuti majini ndi awiri.

Chotsala ndi masamba a pa intaneti osunga mapu a majini: Ensembl, NCBI kapena UCSC Genome Browser. N'zaulere, bola mamega akhalepo. Mukalemba CENPB, malo abwera pompo. Apa ndinalakwitsa ndekha: ndinakopera manambala a malo a jini pa GRCh37, mapu a genome (DNA yonse ya munthu) a 2009, n'kukawaika pa GRCh38, mapu a 2013, ndinafikira pena. Mwana wina wa kumbuyo ndiye anandigwira, manyazi ake osanena. Muziyamba mwaona mtundu wa genome musanakopere nambala.

Ofufuza odwala m'chipatala FISH ikuwayenera. Ife a choko, foni yakwana, ndipo labu ija isadzandionenso.