Kodi nambala ya foni ingaulule akaunti ya munthu pa Tinder? Zimene ndaona patapita miyezi yambiri

Papita miyezi yambiri chiyambireni kulipira masamba awiri a pa intaneti ofufuzira anthu, ndipo tsopano ndikhoza kuyankha mosakayika funso limene linandichititsa kulembetsa. Funso lake linali lakuti, kodi ukalemba nambala ya foni ya munthu, masamba amenewa angakuonetse akaunti yake pa mapulogalamu opezera zibwenzi monga Tinder, Bumble kapena Hinge? Yankho langa ndi lakuti sangathe, kupatula mwa apo ndi apo, ndipo ngakhale pamene akuoneka ngati apeza kanthu, chimene apezacho si umboni woti munthu angaweruzire nacho mnzake.

Ndinalembetsa chifukwa cha mchemwali wanga amene ankacheza pa intaneti ndi mwamuna wina amene anali asanamuonepo maso ndi maso, ndipo tinkafuna kudziwa ngati dzina limene ankadzitchula linalidi lake. Nkhani imeneyo itatha ndinapitirizabe kugwiritsa ntchito masambawo, koma ndinkayesa nambala yanga ndi za anzanga amene anandilola, makamaka amene ndinkadziwa bwino kuti ali ndi akaunti pa mapulogalamu a zibwenzi. Imeneyi ndiyo njira yokhayo yoyesera chida chotere, popeza munthu sangadziwe kuti lipoti lanama ngati choonadi chake sakuchidziwa kale.

Masamba onse awiri amayamba mofanana. Ukalemba nambala, pamabwera kamzere koyenda pang'onopang'ono, zizindikiro za mapulogalamu osiyanasiyana zikuthwanima motsatizana, ndipo kenako pamatuluka uthenga wakuti zinthu zina zapezeka koma uyenera kulipira kuti uzione. Nditalipira n'kuyamba kufufuza monga wolembetsa, lipoti linkatuluka msanga popanda chionetsero chonsecho, zimene zinandisonyeza kuti kudikira kuja n'kongokoka mtima wa wogula. M'lipotimo munkakhala dzina, kampani ya foni, maadiresi akale, mayina a anthu amene akuganiziridwa kuti ndi achibale, ndipo nthawi zina imelo. Gawo la zibwenzi, limene amalilengeza kwambiri potsatsa malonda, kawirikawiri linkakhala lopanda kanthu. Mnzanga wina anatsegula Tinder pa foni yake ine ndili pambali, akaunti yake ikugwira ntchito bwinobwino, pamene lipoti la nambala yomweyo pa kompyuta yanga silinatchule Tinder ngakhale kamodzi.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka mapulogalamuwo. Tinder, imene inayamba mu 2012, imafunsa nambala ya foni kuti itumize kauthenga kotsimikizira kuti foniyo ndi yako, koma nambalayo sioneka pa akaunti, ndipo m'pulogalamuyo mulibe malo olembapo nambala kapena dzina kuti upeze munthu wakutiwakuti. Bumble ndi Hinge nazonso zimabisa nambala. Mu 2021 Tinder inawonjezera njira yoti munthu asankhe nambala za m'foni mwake zimene sakufuna kuti eni ake amuone, kutanthauza kuti nambala imagwira ntchito yobisa munthu osati yomuulula. Masamba ofufuzira anthu alibe khomo lolowera m'nkhokwe za makampani amenewa. Zimene ali nazo amazitola m'kaundula wa boma wotseguka kwa aliyense, monga wa malo, wa makhoti ndi wa mavoti ku America, amazigula kwa makampani otsatsa malonda, kapena amazikokera pa masamba a mchezo amene eni ake sanawatseke.

Choncho akamati apeza akaunti ya zibwenzi, amakhala atadutsa njira yokhotakhota: nambala yawalozera ku imelo, imelo yawalozera ku dzina longopeka limene munthu ankalowera pa intaneti, ndipo dzinalo lafanana ndi la pa tsamba lina lakale. Pa sitepe iliyonse pali mpata wolakwitsa. Njira imeneyi inkathandizako kale pamene masamba a zibwenzi ankagwiritsa ntchito mayina opeka oonekera poyera, koma OkCupid inasiya mchitidwewu kumapeto kwa 2017, ndipo Facebook inatseka njira yofufuzira munthu ndi nambala ya foni mu April 2018, nkhani ya Cambridge Analytica, kampani imene inatenga zinsinsi za anthu ambiri a pa Facebook popanda chilolezo chawo, ili mkamwamkamwa. Makomo amene masambawa ankadalira akhala akutsekeka, koma mawu awo otsatsira malonda sanasinthe.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri si malipoti opanda kanthu, koma aja okhala ndi zinthu zolakwika. Nambala ya mnzanga wina wamkazi inatulutsa dzina la bambo wachikulire amene iye sanamumvepo, pamodzi ndi akaunti ya pa tsamba lina la zibwenzi lachikale. Bamboyo ayenera kuti ndiye ankagwiritsa ntchito nambalayo mnzangayo asanaipatsidwe, pakuti makampani a foni amaperekanso kwa anthu atsopano nambala zimene zasiyidwa, ndipo bungwe la FCC, loyang'anira za mafoni ndi mawayilesi ku America, linanena kuti ku America kokha nambala pafupifupi 35 miliyoni zimasiyidwa motero chaka chilichonse. Apa zinali zosavuta kuona kuti lipotilo lasokera chifukwa dzina linali la mwamuna. Koma dzinalo likanakhala losaoneka, n'kungotsala mawu akuti nambalayi ili ndi akaunti ya zibwenzi, mwamuna wansanje akanatha kuthetsa banja chifukwa cha zochita za munthu wachilendo. Lipoti silinenanso tsiku limene akaunti inatsegulidwa kapena kugwiritsidwa ntchito komaliza, moti akaunti imene munthu anaiiwala asanakumane n'komwe ndi mkazi wake imaoneka ngati ya dzulodzuloli.

Zimenezi si zachilendo m'malonda amenewa. Mu 2012 bungwe la FTC, loteteza ogula ku America, linalipiritsa tsamba lofufuzira anthu la Spokeo madola 800,000 chifukwa chophwanya lamulo loyang'anira malipoti a mbiri ya anthu, ndipo mu 2023 masamba ena otere, TruthFinder ndi Instant Checkmate, anavomera kulipira madola 5.8 miliyoni pa mlandu umene mbali ina unali wonamiza ogula za kulondola kwa malipoti awo. Amene akuganiza zolembetsa ayambe wawerenga timawu ting'onoting'ono ta pansi pa tsamba, pomwe makampani otere amanena okha kuti sakutsimikizira kuti zimene akupereka n'zoona.

Ena amaika chikhulupiriro pa zinsinsi zimene zinabedwa n'kutayidwa pa intaneti, monga za Ashley Madison, tsamba lopezera zibwenzi zamseri, mu 2015, pomwe maakaunti oposa 30 miliyoni anaululika. Koma tsambalo silinkatsimikizira maimelo, moti aliyense akanatha kulembetsa ndi imelo ya mnzake, ndipo n'chifukwa cha kuopsa kwa nkhani zotere kuti tsamba la Have I Been Pwned, limene Troy Hunt anayambitsa mu 2013 kuti anthu aziona ngati imelo yawo ili m'zinsinsi zobedwa, limaonetsa zotsatira za mtundu umenewu kwa mwini imelo yekha atatsimikizira kuti ndi yake. Ine ndikuona kuti umenewu ndiwo mwambo woyenera.

Pa nambala za kunja kwa America masamba onse awiri ankangotchula dziko ndi kampani ya foni basi. Truecaller, pulogalamu ya ku Sweden yoonetsa dzina la amene akuimba foni, imachitako bwino potchula dzina, koma dzinalo limachokera ku mmene anthu ena anasungira nambalayo m'mafoni awo, ndipo za zibwenzi sinena chilichonse.

Phindu limene ndinapeza linali lochepa koma lenileni. Lipoti limasonyeza ngati nambala ndi ya foni wamba kapena ndi ya pa intaneti monga za Google Voice, zimene akathyali amazikonda chifukwa n'zosavuta kutenga ndi kutaya. Limathandizanso kuona ngati dzina limene munthu wakuuza likugwirizana ndi nambala yake. Pa nkhani ya mchemwali wanga, chimene chinatithandiza kwambiri sichinali nambala ayi, koma kufufuza zithunzi za mwamunayo pa Google Lens ndi TinEye, zimene n'zaulere, ndiponso kuumirira kuti alankhulane pa vidiyo asanakumane. Kusamala kotereku n'koyenera, popeza FTC inalengeza kuti mu 2022 anthu pafupifupi 70,000 anadandaula kuti anaberedwa kudzera m'zibwenzi zachinyengo, ndipo ndalama zimene anataya zinakwana madola 1.3 biliyoni.

Pali chinthu china chimene sindingachibise. Masamba amene analephera kupeza akaunti ya zibwenzi ndi imodzi yomwe yolondola anatha kutulutsa adiresi yeniyeni ya mnzanga wokhala ku America, pamodzi ndi mayina a achibale ake, popanda kundifunsa kuti ndine ndani kapena ndikufuniranji. Kwa mayi amene anathawa mwamuna wankhanza, chimenechi si chinthu chaching'ono. Mnzangayo anapempha kuti mbiri yake ichotsedwe ndipo inachokadi, koma patapita miyezi ingapo inabwereranso pa tsamba limodzi, mwachionekere chifukwa tsambalo linali litagulanso zinthu zatsopano kwa ogulitsa ena.

Ndasiya kulipira tsamba limodzi, ngakhale kuti njira yosiyira inali yobisika kuposa yolembetsera, ndipo linalo ndilisiya mwezi uno ukatha. Mnzanga uja tsopano amafufuza dzina lake pa masamba amenewa nthawi ndi nthawi n'kupemphanso kuti lichotsedwe likaonekera. Popeza amakhala ku California, akudalira lamulo la Delete Act la 2023, limene cholinga chake ndi chakuti munthu azipempha kamodzi kokha kuti makampani onse olembetsedwa ogulitsa mbiri za anthu afufute yake.