Jekete yoziziritsa thupi kwa odwala multiple sclerosis: ndi iti yoyenera kugula?

Pa matenda a multiple sclerosis, chitetezo cha m'thupi chimawononga myelin, chikuta cha mitsempha ya mu ubongo, mu msana ndi ya m'maso. Mtsempha wosendeka chonchi umayendetsa uthenga movutikira, ndipo thupi likangotentherapo ndi theka la digiri, uthengawo umachedwa kapena kuimiratu. Maso amachita chidima, miyendo imalemera, kutopa kumangofika mosagogoda. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, anazifotokoza zimenezi mu 1890. Jekete yopanda manjayi ntchito yake ndi kuchepetsa kutenthako basi, matendawo siichiza.

Pa mitundu itatu iyi, ya mapaketi a PCM, ya mapaketi a ayezi ndi ya kuviika m'madzi, yabwino ndi ya mapaketi a PCM (phase change material), zinthu zimene zimayamwa kutentha kwa thupi zikamasungunuka. Mapaketiwa amalowa m'matumba, awiri kutsogolo, awiri kumsana, ndipo zam'kati mwake zimaundana pa madigiri ngati 15 kapena 21, osati 0 monga madzi. Ndiye amazizira mofatsa, osaluma khungu. Izi n'zofunika, chifukwa odwala ambiri ali ndi dzanzi, ndipo ayezi akhoza kuwapweteka khungu iwo osamva kanthu. Kwa ena kuzizira kwambiri kumaumitsanso minofu, mwendo n'kumakana kupindika. Mapaketi amagwira ntchito maola awiri kapena atatu, ndipo mukawamiza m'madzi a ayezi amaundananso pa mphindi pafupifupi 20. M'firiji amachedwerapo. Muwagoneke chafulati, apo ayi amauma mokhota n'kumakutosani m'nthiti.

Vuto lake ndi kulemera. Makilogalamu awiri amaoneka ochepa, koma kwa munthu amene amadzandira kale ndi katundu ndithu, makamaka pokwera masitepe. Zomangira nazonso opanga ena sanaziganizire: zipi yaing'ono zala za dzanzi siziigwira, bola ya zomangira zongomata za Velcro m'mbali. Ikhale yothina pang'ono pamwamba pa tisheti yopyapyala. Ikakhala yokhwepa, imangoziziritsa mpweya, inu thukuta lili kamukamu.

Ya mapaketi a ayezi imazizira kwambiri komanso ndi yotsika mtengo, koma imachita mame n'kunyowetsa zovala, ndipo osayerekeza kuivala pakhungu penipeni. Ya kuviika m'madzi ndi yopepuka, kungoti imadalira kuti madziwo aziuma, choncho kunja kukakhala chinyezi mwangovala nsalu yonyowa.

Muivale mphindi 30 musanayambe kuyenda kapena kuchita masewera olimbitsa thupi, osadikira kuti maso ayambe chidima. Mugulenso mapaketi ena osinthira, chifukwa seti imodzi sifika madzulo.

Zizindikiro zobwera ndi kutentha zimatha thupi likazizira. Zikapitirira maola 24, kapena pakabwera chizindikiro chachilendo, jekete ilibe nazo ntchito, pitani kwa dokotala. Mwina matendawo ayambiranso, mwinanso ndi matenda a m'chikhodzodzo amene akutenthetsa thupi.