Kamera ndi yabwino, koma wogulitsa anandibisira za malipiro a pamwezi

Ndinaigula pa shopu ina ku Limbe, makamera a WiFi aja adzaza m'tauni, a mutu wozungulira, oonera pa foni. Mtengo mukuudziwa, si wamasewera. Mnyamata wogulitsa ananenetsa kuti ukagula wagula, palibenso cholipira. Ndinakopeka pomwepo, chifukwa za mwezi ndi mwezi zinanditopetsa kale: TV, bandulo, mayunitsi a magetsi.

Usiku wina akuba analumpha mpanda n'kuzula batire la galimoto. Foni inalira ndithu kuti pabwalo padutsa munthu, koma ndinali mtulo. M'mawa nditatsegula app kuti ndione nkhope zawo, ndinapeza kachithunzi kamodzi kosaoneka bwino, pansi pake uthenga woti masiku 30 aulere anatha, ndilipire kuti mavidiyo azisungidwa pa cloud, kutanthauza malo osungira zinthu pa intaneti. Ndiye kuti kamera inawaona akubawo bwinobwino koma sinasunge vidiyo! Malipiro akenso ndi a madola, pa Visa kapena Mastercard. Airtel Money ndi Mpamba sakuzidziwa kumeneko. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola akusowa m'mabanki, ndiye ndani angalonjeze kulipira madola mwezi uliwonse chifukwa cha kamera imodzi? Apolisi atafunsa vidiyo, ndinawaonetsa mthunzi wa munthu wovala chipewa. Anangoyang'anana.

Nditabwerera ku shopu, mnyamata uja anati, "Bwana, zinalembedwa pa katoni." Timalemba take tofunika magalasi, kumbuyo kwenikweni. Tsiku logulitsa pakamwa pake panali uchi, za katonizo sanazitchule. Anawonjezera kuti katundu akatuluka sabwezedwa, maso ali pa foni yake.

Amene anandipulumutsa ndi alamu anga. Anapendeketsa mutu wa kamera n'kutsegula kachivindikiro ka labala: kumeneko kuli polowetsa memory card. Tinaikamo ya 64GB. Tsopano imajambula yokha ngakhale intaneti itadula, ikadzaza imafufuta zakale n'kupitiriza. Vuto lake ndi lakuti wakuba akanyamula kamera, khadi yapita naye limodzi, choncho tinaikweza pamwamba, pansi pa malata.

Kunena chilungamo, usiku imaona bwino mpaka kugeti, ndipo mawu amamveka. Magetsi akazima nayo imazima, pokhapokha muilumikize ku power bank. Kamera ndaipatsa nyenyezi zinayi. Shopu ija imodzi, ndipo khadi ndinakagula kwina.