Nyama ya ku famu ya ku Chikwawa: yofewa ndithu, koma uthenga amachedwa nawo

Ndili ndi malo odyera pa Luchenza, ndipo nyama ya ng'ombe ndimaoda ku famu ina yaikulu ya ku Chikwawa. Anzanga ophika mwakhala mukundifunsa za nyamayi, ndiye ndiyankhe pano.

Kuno ku Thyolo minda ya tiyi idatenga malo aakulu, msipu ndi wochepa. Ng'ombe zomwe timaona ku Bvumbwe ndi za mkaka, zodyera nsenjere m'khola. Za nyama zochuluka zili kumunsi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Famuyi imaweta zake komanso imagula kwa alimi a m'midzi, kenako n'kuzitsekera m'makola onenepetsera. Ndidakaona ndi maso: zimadya madeya osakaniza ndi molasesi, msipu wouma, madzi osasowa, ndipo nkhupakupa sindidazione pakhungu. Zambiri ndi zamalinunda, zachikuda zosakanizidwa ndi mtundu wa Brahman.

Ubwino wake umaonekera mu mphika. Ng'ombe yomwe yakalamba ikukoka ngolo imatha makala musanaigonjetse, koma iyi imapsa msanga, mafuta ake ali pakatimpakati, msuzi wake wokoma osafuna zokometsera zambiri. Nthiti zake pa kanyenya makasitomala amachita kulimbirana. Chidindo cha a zaumoyo wa ziweto chimakhalapo nthawi zonse, ndipo sikelo yawo sinandiberepo. Kwa ine wodyetsa anthu, zimenezi ndi zazikulu kuposa mtengo, ngakhale kuti mtengowo ndi wokwererapo kusiyana ndi wa pamsika.

Chondiwawa ndi ichi. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka kuchigwa, boma limaletsa kutulutsa ziweto ndi nyama, ndipo limachita bwino, chifukwa nthendayi itafika ku makola a mkaka kuno alimi angalire. Famuyo siilakwa kuimitsa malonda. Koma bwanji osatiimbira foni tsiku lomwelo? Ine ndidadikira galimoto mpaka masana, furiji ili mbee, anthu akubwerera pakhomo, ndalama nditalipira kale. Adandibwezera, inde, koma mochedwa.

Mang'ina ndi nthumbwana nazonso amatumiza mwa apo ndi apo, chonsecho ndi zomwe anthu a ganyu amakonda m'mawa.

Ndipitiriza kuoda. Inu amene mukufuna kuyamba, funsani kaye kuti chiletso chikabwera ndalama zanu adzabweza liti, ndipo musataye ubale ndi wabutchala wa kwanu.